Phazi Pansi pa Matumba

Chaka cha njala chija ndinkagulitsa nthochi pafupi ndi mlatho wa Domasi. Kunsi kwa mlathowo kunkagwira ntchito amuna awiri okumba mchenga, mkulu wina wa imvi ndi mlamu wake. Kunena zoona sindinkawakonda. Ankabwera ndi manja amatope n'kumatofya nthochi zanga, kugula osagula.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, lole yodzaza matumba a chimanga inaterereka n'kugwera m'ngalande cham'mbali. Dalaivala anatulukira pawindo n'kuliyatsa liwiro kulowa m'minda. Anthu anathamangira pomwepo, koma osati kukathandiza ayi. Aliyense thumba pamutu, ulendo. Ndinaona ndi maso angawa mayi woimba naye kwaya akukoka thumba, chitenje chili m'khosi. Njala ndinali nayo nanenso, koma mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

Amene anaona phazi ndi mkulu wa imvi uja. Linatulukira pansi pa mulu wa matumba, zala zikugwedera. Mwini phazilo anali munthu wokwera matola, amene anakhala pamwamba pa katundu.

"Alamu, muli munthu umu," anatero mkuluyo. "Tengani mafosholo."

Loleyo inali itatsamira mtengo wa bulugamu, ndipo inkatsetsereka pang'onopang'ono kulunjika pamuluwo. Kunyamula thumba limodzilimodzi kukanachedwa. Awiriwo analowa kunsi kwa loleyo n'kuyamba kung'amba matumba ndi mafosholo, chimanga n'kumachiponya m'matope ngati mchenga. Anthu anayamba kukuwa kuti amisala akuwononga chakudya. Wina anafika powagenda. Ine ndinamutukwana mawu oti sindingawalembe pano, kenako ndinagwada n'kugwira phazi lija kuti mwini wake adziwe kuti kunja kuno kuli anthu. Linali lofunda. Ndinkaopa kwambiri, maso ali pa lole.

Anamutulutsa akupuma, m'kamwa mutadzaza chimanga. Mkulu uja anachikolowola ndi chala.

"Achimwene, kwanu n'kuti?" anamufunsa mkuluyo.

Milomo inagwedera, mawu osatuluka. Tinaimitsa galimoto yopita ku Zomba n'kumukweza. Tinamva mawa lake kuti anatsirizika asanapitirire pa Naisi. Dzina lake sitinalimve, ndipo palibe wachibale amene anabwera kudzatifunsa.

Okumba mchenga aja anabwerera kumtsinje chimanjamanja, chonsecho kwawo ana ankagonera gaga.

Patapita masabata, chimanga chotayika chija chinamera m'ngalandemo, chothithikana, chosati n'kubereka. Onyamula matumba aja ankadutsa akuyang'ana kumbali. M'mawa wina ndinapeza mkulu wa imvi ali ndi khasu, akupalira.

"Bambo, mukudzivutitsiranji? Ichi sichingabereke."

Sanaweramuke n'komwe.

"Ndikudziwa, mayi. Koma manda a munthu uja sitikuwadziwa. Nanga ndikalambule kuti?"