Penshoni ya munthu amene adamulira maliro

M'zaka zoyambirira za m'ma 1990 ndinkakhala ku Tottenham, m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa ufa ndi nsomba zouma. Popeza kumudzi ndidagwirapo ntchito ku nyuzipepala, anthu akwathu ankabwera kwa ine akafuna kulembera ofesi iliyonse. Umu ndi mmene ndidadziwira bambo ena achikulire a ku Dedza, amene ankakhala ku Ilford kwa mwana wawo wamkazi, namwino.

Bambowo adabwera ku London kudzachitidwa opaleshoni ya maso. Maso adachira, iwo sadabwerere. Nyumba ya mwana wawoyo inali fulati ya zipinda ziwiri ndi bafa limodzi. Mkamwini wawo anali munthu wofatsa wa ku Chipata, woyendetsa basi, ndipo sadadandaulepo. Koma kwathu mpongozi sadutsana ndi mkamwini pakhomo la bafa thaulo lili paphewa. M'mawa uliwonse bambowo ankakhala pabedi atavala kale jekete, kudikira kuti amve chitseko chakunja chikutsekedwa. Ankafuna kubwerera kumudzi. Chimene sankafuna ndi kukakhala kumeneko akudikira ndalama za mkamwini mwezi ndi mwezi.

Mwana wawoyo ndiye adandiitana Loweruka lina. Anali atamva kutchalitchi kuti zaka za usilikali zimawerengedwa pa penshoni ya boma. Ndidalembera mnzanga wina wa ku Lilongwe, ndipo adanditumizira malamulo ake. Anali omveka. Penshoni ya mwezi ndi mwezi inali ya munthu amene wakwanitsa zaka makumi awiri m'boma. Wopereweza ankapatsidwa ndalama kamodzi kokha n'kutsanzikana naye. Munthu akachoka pa ntchito ya boma kupita ku usilikali n'kudzabwereranso, zaka za usilikalizo zinkawerengedwa ngati kuti sadachoke. Nthawi imene wakhala kumudzi asanabwerere ku ntchito sinkawerengedwa, koma sinkafafaniza zaka za m'mbuyo.

Tidakhala pa tebulo n'kuyala moyo wawo. Adayamba ngati mesenjala pa boma, zaka zitatu. Ku usilikali adakhalako zaka zinayi, zina mwa izo m'nkhalango za ku Malaya. Kumudzi adakhala pafupifupi chaka. Kenako adasunga katundu wa boma zaka khumi ndi zinayi, mpaka pamene adawachotsa pochepetsa antchito. Zonse pamodzi zinali makumi awiri ndi chimodzi. Iwo adalipidwa kamodzi, pa zaka khumi ndi zinayi zomalizazo basi.

Ndidawafunsa chifukwa chake sadatchule zaka zisanu ndi ziwiri zoyambazo pamene ankasiya ntchito. Adayankha kuti mwini wake wa zaka zimenezo adamwalira. Ndidayesa kuti ndi nthabwala, koma iwo adanyamuka n'kulowa kuchipinda.

Mwana wawo adandifotokozera kukhitchini, ketulo ikuwira. Ali ku nkhondoko bambo ake adavulala n'kugonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Msilikali wina wa mudzi woyandikana adafika kumudzi n'kunena kuti adawaona atanyamulidwa osapuma. Abale adalira maliro. Popeza mtembo panalibe, adakulunga thunthu la nthochi mu mphasa n'kukaliika kumanda, ndipo mayi awo adameta. Patapita nthawi mwini maliro adatulukira pabwalo bokosi lili pamutu. Anthu adathawira m'minda. Akuluakulu adawasambitsa mankhwala asanalowe m'nyumba iliyonse, adawapatsa dzina latsopano, n'kuwauza kuti lakalelo latsala kumanda ndipo asadzalitchulenso kapena kuliyankha. Ndi dzina latsopanolo adakapempha ntchito pa boma lina, ndipo kalaliki adawatsegulira fayilo ngati munthu woyamba kumene.

Kwa ine nkhaniyi inali yosavuta. Boma linali ndi mafayilo awiri a munthu mmodzi. Chofunika chinali kupita kwa loya, kulumbira kuti mayina awiriwo ndi a munthu yemweyo, n'kutumiza pepalalo kumudzi. Loya wa pa msewu waukulu wa ku Ilford adati mwini wake ayenera kuwerenga mawu olumbirawo iye akumva, kusaina kokha sikukwana. Bambowo adakana. Ndidawakumbutsa kuti ndi mkulu wa mpingo, n'kuwafunsa ngati mkulu wa mpingo amaopa thunthu la nthochi.

"Mwana wanga, nthochi sindiyiopa," adatero. "Mayi anga adameta mutu chifukwa cha dzina limenelo. Ndiye ine ndikalitchule kwa mzungu pa Ilford ngati ndikuitanitsa tiyi?"

Nkhaniyo idaima nyengo yonse yozizira. Mwana wawo ankati akaiyamba, iwo ankakweza wailesi.

Chimene chidawasuntha ndi kusintha kwa nthawi ya ntchito ya mkamwini. M'mawa wina bambowo adamva chitseko chakunja chikutsekedwa, koma amene adatuluka anali mwana wawo. Adakumana ndi mkamwini m'kanjira ka ku bafa, iye atangomanga thaulo m'chiuno pochokera kosamba. Mkamwiniyo, posowa kothawira, adanjuta pomwepo n'kuwomba m'manja, madzi akudontha pa kapeti. Tsiku lomwelo bambowo adandiimbira telefoni. Adati iwo sangalitenge dzinalo okha. Amene adalikwirira ndiwo angalibweze, ndipo mwa onse amene adalira maliro aja adatsala mlongo wawo wamng'ono yekha.

Adajambula mawu awo pa kaseti, ndipo wophunzira wina amene ankapita kumudzi ku tchuthi adainyamula. Mlongoyo adasonkhanitsa akuluakulu a banja, adapita kumanda, adasalaza mtumbira uja, adathira ufa n'kuwauza makolo chimene chachitika. Kenako adatumiza uthenga wa tsiku limene adzadikire pa telefoni ya ku mishoni.

Tidapita ku Peckham, kumene kunali sitolo ya munthu wa ku Nigeria yoimbira kunja motchipa. Kachipinda ka telefoniko chitseko chake sichinkatsekeka, ndipo mlongoyo ankalankhula mokweza monga amachitira anthu osazolowera telefoni, choncho ine ndi mwana wawo tidamva zonse. Adapatsana moni. Adafunsana za maso ndi za mvula. Kenako mayiyo adati, "Achimwene, ndikufuna ndikuitaneni," n'kuitana dzina lija.

Kamakina kowerengera mtengo kankangosintha manambala, ndipo mwini sitolo adasuzumira kuti aone ngati telefoni yaduka. Mayiyo adaitananso.

"Ndili pano, mlongo wanga," adatero bambowo. Adachotsa chipewa n'kuchiika pa bondo. Kenako adafunsa ngati denga la nyumba yawo lidakalipo.

Mlungu wotsatira tidapita kwa loya. Bambowo adawerenga mawu onse osadodoma. Loyayo adawapempha kuti atchule dzinalo chilembo chimodzichimodzi, ndipo adatero.

Yankho lidatenga nthawi yoposa chaka. Fayilo yoyamba idapezeka ku Zomba, ndipo a usilikali adatsimikiza zaka zawo. Powerengera adachotsapo miyezi ingapo ya tchuthi chosalipidwa chimene bambowo anali ataiwala, koma zotsalazo zidapitirirabe makumi awiri. Pa ndalama za m'mbuyo adadulapo zimene adalandira kale posiya ntchito. Penshoni ya pamwezi titaisintha kukhala mapaundi, sinkakwana tikiti ya basi ya mlungu umodzi kuno. Mwana wawo adakhumudwa, nati tavutikira zachabe. Iwo adangofunsa mtengo wa shuga, sopo ndi palafini kumudzi, adawerengera pa zala, n'kunena kuti ikwana.

Adanyamuka chilimwe chomwecho. Mkamwini adapempha tsiku ku ntchito n'kuwanyamulira masutikesi mpaka ku bwalo la ndege, akuyenda kumbuyo kwawo. Ndalama mwana wawo sadaleke kutumiza, koma ankazipititsa kwa azakhali ake, amene ankagula malata ndi feteleza osanena kumene zachokera.

Tili pa mzere wa katundu ndidawafunsa kuti kumudzi azikawaitana dzina liti tsopano. Adati lomwe akhala nalo zaka zonsezi. Lakalelo adalibwereka pa ntchito imodzi, ndipo ntchitoyo yatha.