Njinga ya achimwene yayambanso kunyamula anthu

Pepani nonse pokutayitsani nthawi, ine sindilembalemba pano.

Achimwene, lero pamsika wa Kasakula ndaona njinga yanu yakabaza, ija munaiika mota yamagetsi. Ndaizindikira ndi mphira zofiira zomwe munamangira batire. Amaiyendetsa mnyamata wina, pakaliyala patakhala mayi wobereka mwana, ndipo yandidutsa ndisanawoloke msewu. Ndimayesa ndilira, koma ndangopsa mtima. Ndakumbukira tsiku lija pansi pa mango, ine nditakugwirirani njingayo, inu mukulumikiza mawaya. Mota munagula kwina, batire kwina, koma mabuleki munasiya omwe aja akale a njinga yopalasa. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati zinthuzo zikugwirizana. Munaseka n'kunena kuti, "Iwe Nachisale, zonsezi kwawo n'kumodzi, ku China. Zidziwana zokha."

Sizinadziwane, achimwene. Mota inali yamphamvu, batire yolemera, ndipo pamtsetse wa kumtsinje uja mabuleki anakana kugwira. Alamu munawasiya ndi khanda chifukwa cha nthabwala imeneyo, ndipo sindinakukhululukirenibe, ngakhale ndimakusowani tsiku lililonse. Amalume nawonso ndakwiya nawo. Anangowongola gudumu n'kugulitsa njingayo, osamuuza wogulayo kuti inapha mwini wake.

Inu amene mukumudziwa mnyamata wa njinga ya mphira zofiirayu, chonde muuzeni asanyamulenso munthu mpaka asinthe mabuleki. Ndiyankheni msanga ndidziwe kuti wamva, asanatsike nayo mtsetse uja.