Jekete Yofiira ya ku Ulaya

Inali jekete yofiira, yotupa ngati aipopa, ya zipi yachitsulo ndi kachipewa kaubweya kumbuyo. Mayi anaigula pa kaunjika ku Limbe mwezi wa Meyi, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Anandiyesa pamsika pomwepo, mikono yake inalendewera mpaka kubisa zala zanga, iwo n'kuti, "Ukuliramo, ana kumeneko amakula msanga." Titafika kunyumba anaichapa, anaiyanika pamthunzi kuti isasuluke, kenaka anaipinda, anaimanga m'jumbo n'kuitsekera m'sutikesi kunsi kwa bedi. Lamulo lake linali limodzi: jekete imeneyi ndi ya ku Ulaya, sivalidwa ku Bangwe.

Tinkakhala awiri basi, ine ndi mayi, m'nyumba ya lendi kumtunda kwa msika. Bambo anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo. Mayi ankagwira ntchito pa kachipatala kena ku Limbe, yokolopa ndi kusambitsa odwala, ndipo madzulo ankabwera manja atasuwa, akununkha mankhwala okolopera. Mnzawo wina wa kutchalitchi amene anatsogola kunja anawapezera malo pasukulu yophunzitsa kusamalira nkhalamba. Chimene chinatsala ndi viza, chidindo cha eni dziko chololeza munthu kulowa kwawo. Ndipo tinkapita tonse. Izi sindikupeka ayi, ananena okha ndi pakamwa pawo, osati kamodzi: "Kumene ndikupita ine, nawenso ukupita. Ngakhale nkhuku sisiya mwanapiye."

Chaka chimenecho chiperoni chinabwera ngati tinachilakwira. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala pamalata osachoka, ndi kamvula kowaza kosanyowetsa nthaka koma kolowa mpaka m'mafupa. Ndinkapita kusukulu nditavala juzi yobooka m'zigongono, milomo itang'ambika, miyendo ili mbuu. Mawindo a kalasi yathu analibe magalasi, moti choko chinkakana kulemba pabolodi lonyowa. M'mawa uliwonse ndinkapempha jekete ija, ndipo m'mawa uliwonse yankho linali lomwelo: "Ukaithera kuno, kumeneko ukavala chiyani? Kuzizira kwa kunoku n'kwamasewera." Mayi akapita kuntchito ndinkakoka sutikesi, n'kumanunkhiza pa kabowo kamene ndinaboola pa jumbo. Fungo la kaunjika silinathe ndi sopo, ndipo ine ndinkati limenelo ndiye fungo la ku Ulaya.

Pakamwa panga sipankatsekeka, ndiye sukulu yonse inadziwa kuti ndikupita. Anandipatsa dzina loti Mzungu. Ena ankandinyemera chigumu pa buleki kuti ndikafika ndikawakumbuke, ine n'kumalandira ngati bwana. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wa mawu aakulu, ankandiloza ndi rula: "Iwe wa ku Ulaya, tawerenga mokweza, usakatichititse manyazi."

Zamapepala zonse ankayendetsa ndi amalume, achimwene awo a mayi, amene ankakhala ku Misesa. Anali mesenjala pa ofesi ina yogulitsa matikiti a ndege m'tauni. Ndege sanakwerepo, koma ukawamva akulankhula unkati anabadwira m'ndegemo. Envulopu ya khaki sinkachoka m'khwapa mwawo. Ndiwo anatitengera kojambulitsa zithunzi za pasipoti, akundiuza kuti makutu aoneke ndipo ndisaseke. Ndiwonso anatikweza basi ya ku Lilongwe, kumene kunali ofesi ya kazembe wa dziko lija. Za ulendowo ndimakumbukira mzere wa anthu ovala bwino koma osalankhulana, aliyense atakumbatira envulopu yake pachifuwa, ndi zenera la galasi lokhala ndi timabowo tolankhulira. Mayi ankayankha mafunso ndi Chingerezi chimene anachiloweza kunyumba. Munthu wa kuseri kwa galasi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kulemba kanthu.

Anatikana. Tsiku limene yankho linafika, mayi analowa m'nyumba n'kukhala pabedi osavula nsapato. Sanalire. Ine ndinali pamphasa pafupi ndi mbaula, ndikutembenuza mbatata, ndipo amalume anali pampando akuwerenga pepalalo chapansipansi, chala chikuyenda pamzere uliwonse. Anati azungu sanakhutire kuti mayi akamaliza sukulu adzabwerera kwawo.

"Chemwali, tinalakwitsa n'kunyamula zonse," anatero amalume. "Munthu wopita ndi mwana si wasukulu, ndi wosamuka. Anthu amenewa amafuna aone chimene wasiya kumbuyo, choti chikukoke ubwerere. Nyumba mulibe, munda mulibe, mwamuna mulibe. Muli ndi chiyani inu?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinaganiza kuti mbatata yapserera.

"Ayi achimwene," anatero mayi. "Zimenezo ayi."

"Ndiye khalani. Koma mukhala pati?"

Lero ndikudziwa chimene amalume ankatanthauza. Wadiropu inali itagulitsidwa, wailesi itagulitsidwa, kuntchito anali atatsanzika ndipo pamalo pawo panali patalowa wina. Mayi anali atatentha kale kumbuyo kwawo. Masabata otsatirawo m'nyumba mwathu munazizira kuposa panja. Ankandikwiyira pa zinthu zopanda pake, supuni yogwa kapena chitseko chosatseka, kenaka n'kundikokera pamiyendo pawo n'kuyamba kundiluka tsitsi loti analuka dzulo lake lomwe. Ankakoka mpaka khungu kuwawa, ine n'kumalira kuti amayi mukundipweteka, iwo n'kumangokokabe. Oyandikana nawo anayamba kufunsa chamseri ngati ulendo uja ulipobe. Kusukulu dzina la Mzungu linasanduka lachipongwe, ndipo chigumu chinasiya kubwera.

Kenaka tsiku lina envulopu ya khaki inabwereranso, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Ulendo uno zonse zinali za ine. Anafukula kadi yanga ya kusikelo. Aphunzitsi analemba kalata yonena kuti ndine mwana wa m'kalasi mwawo, wanzeru, ndipo mayi anga sajomba kumisonkhano ya makolo. Poipereka kwa mayi pakhonde la kalasi sanandiseleule ngati mwa masiku onse, anangondisisita pamutu n'kuyang'ana kumbali. Loweruka amalume anatitengera ku situdiyo ku Limbe, ine nditavala yunifomu yosita, mayi ataima kumbuyo kwanga manja ali pamapewa anga. Kuseri kwathu kunali nsalu yojambulidwa mathithi. "Pano ndiye seka," anatero amalume, "aone kuti ndi mwana wokondedwa." Ndinaseka mano onse panja. Chithunzi chimenecho ndili nachobe china, ndipo ndikachiyang'ana ndimaona zala za mayi zitalowa m'mapewa mwanga ngati wina akufuna kuwalanda mwana wawo.

Potuluka amalume anandigulira fanta n'kuuza wojambula uja kuti, "Mwanayu ndiye viza yathu." Ndinanyada zosaneneka. Ndinkaganiza kuti poyamba paja anatikana chifukwa pachithunzi ndinaoneka wokwiya, ndipo tsopano akandiona ndikuseka andikonda. Ndinaona kuti pasipoti yanga sinalowe mu envulopu, ndinafunsa, amalume n'kuti yanga anaiona kale. Mwana amakhuta ndi yankho laling'ono.

Viza inatuluka mu Ogasiti. Mayi a pakhomo loyandikana analulutira, amalume anapsompsona pasipoti, ine ndinathamanga njira yonse ya kumsika ndikuuza aliyense kuti mayi anga aipeza chifukwa cha ine. Pamenepo ndiye sindinaname. Masiku onyamuka atayandikira, mayi anandikhazika pabedi n'kundiuza kuti atsogola akakonze malo, ine ndikhale kaye kwa amalume, Disembala anditumizira tikiti. Ndinalira, koma pang'ono, poti Disembala sanali kutali. Tinawaperekeza ku Chileka pa galimoto ya bwana wawo wa amalume. Titadutsa pa Kameza mayi anayamba kundiuza zinthu zambirimbiri mothamanga: ndizisamba kuseri kwa makutu, ndisamayankhe anti, akazi awo a amalume, ndizipemphera ndisanadye. Sutikesi ija anapita nayo.

Disembala anafika n'kudutsa. Mayi ndinkawamva pa byulo ya telefoni ku Misesa, mawu awo akuchedwa kufika ngati akuchokera m'chitsime, akuti Isitala, kenaka akuti chaka cha mawa. Sukulu yawo itatha sanabwerere, chifukwa kuno kunalibe chobwerera koma ine, ndipo ine ndinkafunika fizi. Viza inatha iwo ali komweko, n'kumagwira ntchito mobisala, kusambitsa nkhalamba za eni ake. Munthu wotero sangaitanitse mwana, ndipo akatuluka salowanso. Fizi yokha sinaphonye, ndisawanamizire. Ndinakulira pa amalume, pamphasa ya pabalaza, ndipo anti akatopa nane ankati mwana wa mwini ndi gaga, saundika. Sanali munthu woipa, anangopatsidwa katundu amene sanapemphe. Ndinawakwiyira mayi zaka zambiri, mpaka nthawi zina ndinkakana kupita kufoni. Lero mkwiyo unatha, chatsala ndi chisoni, ndipo chisoni n'cholemera kuposa mkwiyo.

Zonsezi ndinadzazimvetsa ndili mayi wa mwana. Mnzawo wa kutchalitchi uja anandiimbira foni kuti mayi akudwala kwambiri, ndiyesetse ndipite. Ndinapita pa kafe ya intaneti ku Limbe kwa mnyamata wothandiza anthu kupempha viza, mwana wanga wamkazi ali kumsana. Anandifunsa za nyumba, za munda, za ntchito, kenaka anasuzumira kumsana kwanga n'kumwetulira. "Ndi wanu ameneyu, sisteri? Ndiye zili bho. Mumusiye kuno, mujambulitse muli naye, aone kuti muli ndi chobwerera." Ndinakhala pansi pa sitepe ya shopu ya mwini wake. Ndiye kuti nyengo yonse ija ine ndinali chikole. Anandipereka kuti azungu awakhulupirire, ndipo chikolecho sichinaomboledwe.

Koma chithunzi ndinajambulitsa. Ndinamugwira mwana wanga pamapewa n'kumuuza kuti aseke, ndipo anaseka. Anandikanabe. Amalume, atakalamba tsopano, anati mwina dzina la mayi linali lidakali m'makompyuta mwawo, la mkazi amene analonjeza kuti abwerera kwa mwana wake. Kaya n'zoona kaya, sindikudziwa. Mayi anaikidwa komweko ndi anthu a kutchalitchi kwawo, ine ndikuonera pa foni ndili pakhonde ku Machinjiri, chithunzi chikudukaduka.

Komatu tsiku limene limandibwerera kawirikawiri si la maliro, kapena la ku Chileka. Ndi m'mawa wina wa Julaye m'nyengo ija, tsiku limene mayi ankapita okha ku Lilongwe ndi envulopu yachiwiri. Nkhungu inali itaphimba mpaka chimbudzi cha kuseri osaoneka. Ndinali nditavala kale juzi yanga yobooka, ndikuwotha manja pa kapu ya tiyi, ndipo tsiku limenelo jekete sindinapemphe n'komwe. Mayi anagwada, anakoka sutikesi, anatulutsa jumbo ija. Sanamasule mfundo yake, anangoing'amba.

"Vala, kukuzizira."

"Nanga ku Ulaya ndikavala chiyani, amayi?"

Anandilowetsa manja m'mikono, anakoka zipi mpaka pachibwano, anapinda mikono ija kuti zala zituluke. Kenaka anandigwira kumaso ndi manja awo okhakhala, nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kudzikoka kuti ndichedwa kusukulu. Atanditaya ndinatuluka chothamanga. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinamva kufunda, ndipo ndinkafuna Bangwe yense andione ndili wofiira pakati pa nkhungu. Ndinatsetsereka osacheuka, ndikudziuza kuti kuchonderera kwanga kwapindula, mayi ndawagonjetsa. Sindinadzifunse chifukwa chimene jekete ya ku Ulaya inaloledwa kuthera ku Bangwe. Mayi anali atadziwa kale kuti mwini wake sakupita.