Manambala a Msewu wa Kumtunda

Achimwene anga awerenga mamita a madzi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka anthu amangowatchula kuti a Mamita. Ntchito yake ndi yogwada. Umakankha chivundikiro chachitsulo, kupukuta kagalasi ndi chala, kulemba manambala m'kabuku, n'kudzuka. Kudzukako ndiye kudawathera mawondo. Masiku ano akafika pakhomo amayamba abuula, moni pambuyo.

Chaka chatha kuntchito kwawo kudabwera mamita odziwerenga okha. Owerenga onse adauzidwa kuti ntchito yatha, kupatula mpando umodzi mu ofesi, wa munthu amene aphunzire kusanthula manambala ndi kuphunzitsa kompyuta kulosera nyumba zomwe mapaipi ake akudontha. Achimwene, munthu wolemba uthenga pafoni ndi chala chimodzi, adalembetsa.

Ankaphunzirira kwanga Loweruka lililonse chifukwa laputopu ndi yanga. Ankandimvetsa chisoni, komanso ndisaname, ankanditopetsa. Akaiwala kadontho kamodzi, kompyuta inkawalavulira mawu ofiira, iwo n'kuvula magalasi, n'kumayang'ana kudenga.

"Achemwali, kodi chinthuchi chimalusa chonchi kwa aliyense, kapena changondida ine?"

"Bwezerani kadontho mwachotsako, achimwene. Tiyi wanu wazizira."

Patatha miyezi isanu adafika pa mayeso omaliza: kuipatsa kompyuta manambala onse akale kuti iphunzirepo. Idaphunzira ndithu, koma itafika pa msewu wa kumtunda idasokonezeka. Inkati nyumba khumi ndi ziwiri za kumeneko sizidontha, ndipo madzi zimagwiritsa ntchito ofanana mwezi ndi mwezi, kaya kutenthe kaya kuzizire. Mphunzitsi wawo, mayi wosakonda zocheza, adawalembera kuti, "Kompyuta imaphunzira zimene mwaipatsa. Manambala awa akuoneka ngati adalembedwa ndi munthu atakhala pansi."

Atakhala pansi kumene! Achimwene adandiululira tsiku lomwelo. Kale galu adawaluma pageti loyamba la msewuwo, kenaka mawondo adayamba. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankangokhala pabenchi ya wometa tsitsi m'munsi mwa chitunda, n'kumapeka manambala.

"Ndikafufuta mizere ya manambala opekawa mwakachetechete, mayeso ndikhoza," adatero. "Ndikaulula, andithamangitsa, mpando n'kupita kwa wina."

"Fufutani basi. Adziwa ndani?"

Adatseka laputopu n'kunyamuka. M'mawa mwake adakwera chitunda chija, kupuma katatu panjira. Pageti loyamba adaima patali n'kufunsa ngati galu ali womangirira. Mayi wachikulire wa panyumbapo adawayang'ana modabwa.

"Galu? Adafa kalekale, bambo, papita zaka zisanu ndi zinayi. Ife timangoti a zamadzi adatiiwala."

Mayiyo adawatengera kuseri kwa nyumba. Khoma lidali lobiriwira ndi ndere, litang'ambika kuyambira pansi mpaka pawindo. Paipi idakhala ikudontha pansi pa chipinda chake chogona zaka zonsezo, ndipo mita ikadawauza achimwene mwezi woyamba womwe, akadangogwada.

Lolemba achimwene adawonjezera danga limodzi pa mndandanda wa manambala uja, loti pa mzere uliwonse azilembapo "ndidawerenga" kapena "ndidapeka". Adakapereka kwa abwana ndi manja awo. Abwana adakalipa mpaka mawu kusasa, n'kuwapatsa kalata ya chenjezo. Koma panalibe wina padziko wodziwa mizere yoona ndi yabodza, ndipo popanda zimenezo kompyuta ikadapitiriza kunama. Mpando uja adawapatsa, mongowayesa kaye.

Pano amakhala pafupi ndi windo, timabuku tawo takale titaunjikana patebulo. Amatsegula tsamba, n'kutseka maso kuti akumbukire ngati tsiku limenelo adagwadadi. Akuti sikumtunda kokha kumene ankapeka manambala. Kudalinso masiku a mvula.

Dzulo ndidawafunsa za mawondo.

"Mawondo akupuma, achemwali," adatero, akusisita m'maso. "Ndamaliza chaka chachinayi. Kwatsala zisanu ndi ziwiri."