Mwana Woyamba wa Noelene Harbutt

Noelene Harbutt anaphikira ana a sukulu kwa zaka makumi atatu m'katauni ka njanji kumpoto kwa mzinda wa Adelaide. Aliyense kumeneko ankadziwa kuti ali ndi ana awiri, wamkazi Kylie ndi wamwamuna Shane. Koma analipo wina, woyamba weniweni, amene sankatchulidwa pakhomopo.

Munali mu 1981 pamene Noelene anapita padera, mimba ili ndi masabata khumi ndi asanu ndi anayi ndi masiku anayi. Namwino anakulunga kamwanako m'nsalu n'kutuluka nako, mayi wake asanakaone. Kutacha, Noelene anafunsa za chikalata cha kubadwa.

"Boma limalemba mwana akakwana masabata makumi awiri, mayi," anatero namwinoyo. "Wanuyu waperewera masiku atatu. Kapumeni, mudzakhala ndi wina."

Mwamuna wa Noelene, Des, woyendetsa sitima, anabwera kudzamutenga. Njira yonse ankangokamba za chilala.

Zaka makumi anayi zitadutsa, Noelene anamva pa wailesi kuti boma layamba kupereka zikalata zokumbukira ana otere. Bambo wina anaimba foni ku wailesiko atapsa mtima. "Misonkho yathu izithera pa mapepala a ana oti sanapume n'komwe? Misewu maenje okhaokha!" Noelene anazimitsa wailesi n'kulunjika kwa mkulu wake Bev.

"Iwe Noels, ndi imvi zonsezi ukufuna pepala?" anatero Bev. "Ulidya?"

"Tseka pakamwa, nkhalamba iwe. Yatsa kompyuta yakoyo."

Fomu yofunsira chikalatacho inkafuna kalata ya dokotala. Dokotalayo anamwalira kalekale, ndipo mafayilo a zaka zimenezo sanapezeke. Mayi wa ku ofesi ananena pa foni kuti umboni wolumbira wa munthu amene analipo ungathandize.

Des panthawiyi anali ku nyumba yosungira okalamba, mutu utasokonekera, moti masiku ena ankaitana Noelene ndi dzina la malemu mayi ake. Noelene anapitabe, atamutengera mabisiketi.

"Des, ukukumbukira mwana tinataya uja?"

Des anayang'ana pawindo.

"Anali wamwamuna," anatero. "Ndinachonderera namwino pakhonde, anandionetsa. Anali ndi zikhadabo, Noels. Tizikhadabo ting'onoting'ono."

Noelene anagwira m'mbali mwa bedi. Zaka zonsezi sankadziwa ngakhale zoti anali wamwamuna.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Unali ukulira kale."

Kenaka Des anafunsa ngati sitima ya ku Broken Hill yafika, ndipo sanabwererenso ku nkhaniyo. Umboni wake sukanalandiridwa chifukwa cha matendawo. Amene anakalumbira ndi Bev yemweyo, poti ndi iye anachapa zofunda za magazi tsiku lija. Analumbira akulira, potuluka n'kumati ndi chimfine.

Pa mzere wa dzina, Noelene anakhala sabata yathunthu asanalembe kanthu. Pomaliza analemba kuti Colin, dzina limene ankalikonda ali mtsikana.

Chikalata chinafika patatha mwezi Des ataikidwa m'manda. Chinali pepala limodzi lokhuthala, lokhala ndi chidindo cha boma. Lamlungu lotsatira Noelene anawotcha nyama ya nkhosa, n'kuitana ana ake. Atatha kudya, anayika pepalalo patebulo.

"Uyu ndi mkulu wanu," anatero.

Shane anawerenga kawiri. Kylie analitenga, n'kulisunga m'manja mpaka tiyi anazizira.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "chaka chija sindinabwere pa Khirisimasi, ndinkati ndatanganidwa ndi ntchito ku Perth. Sinali ntchito. Nanenso ndinapita padera. Mimba yanga inali ya masabata khumi ndi anayi."

Noelene anasendeza mpando wake kufupi ndi mwana wakeyo.

"Unali ndi ndani kuchipatala?"

"Ndekha."

Shane anadzuka mwakachetechete n'kuyamba kuchotsa mbale.