Dayamondi wa Azakhali

Ndinabwera ku Mufakose nditangomaliza sukulu kumudzi, kudzakhala ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo. Asanabwere ine pankakhala msuweni wanga wina, koma anamubweza kumudzi atamuganizira kuti amadya chenji. Bambo anandiuza kuti ndisakawachititse manyazi otero.

Azakhali anagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina zaka zambiri. Banjalo posamukira kunja linawasiyira mphete ya dayamondi, ndipo ankaisunga m'kabotolo ka mafuta odzola. Tsiku lina anandifunsa ngati kusukulu anatiphunzitsa kuzindikira dayamondi weniweni. Ndinkafunitsitsa kuoneka wothandiza pakhomopo. Ndinati dayamondi amakanda galasi. Ndinakhwekhwereza mwalawo pa zenera la kukhitchini, mzere unatuluka woyera, ndipo ndinanena motsimikiza kuti ali ndi chuma chambiri. Podalira mawu angawo, analonjeza mayi wina wa ku msika waukulu wa Mbare Musika kuti agula malo ake ogulitsirapo tomato. Miyendo ya azakhali inali itayamba kutupa chifukwa choyenda ndi dengu la tomato pamutu.

Anandituma ine kutauni kukagulitsa mpheteyo poti ndinkatha Chingerezi. Mpheteyo anaisokerera m'thumba langa ndi ulusi wakuda.

Wogulayo anali bambo wachikulire, m'kashopu ka zitsulo pakhomo. Anauyang'ana mwalawo ndi kagalasi ka diso limodzi, nandionetsa timalemba tating'onoting'ono m'mphepete mwake. Anati ndi dayamondi ndithu, koma wopangidwa ndi makina, osati wokumbidwa pansi. Wotere amakanda galasi ngati winayo, koma akupangidwa ochuluka, watsopano akutchipa, ndiye wovalidwa kale palibe amaufuna. Wokumbidwa naye sabweza mtengo umene anagulira, komabe amagulika. Iye akanalipira golide wa mpheteyo basi, ndalama yongokwana madengu angapo a tomato. Ndinathokoza kawiri, ndinalowa shopu ina, anandiuza zomwezo.

M'kombi, minibasi yobwerera kunyumba, dzanja silinachoke pathumba. Ndikanagulitsa, azakhali akanati ndalama zina ndabisa. Pobwera nayo mpheteyo, akanatha kunena kuti ndasintha mwala. Ndinatsika patali ndi kwathu n'kuyenda pang'onopang'ono.

Ndinapeza azakhali akumwa tiyi ndi mayi a ku msika aja. Sindinadziwe kuti abwera tsiku lomwelo. Ndinagwada n'kupereka moni.

"Tulutsa, mwanawe. Mayiwa ali ndi ulendo."

"Azakhali, sindinagulitse."

Ndinafotokoza zonse maso ali pansi, ndipo ndinavomera kuti za galasi zija ndinkazidziwa mbali imodzi yokha. Mlendoyo anaseka, nayankhula m'Chishona poganiza kuti sindikumva. Anati ana akumudzi amachenjera msanga akaona tauni, ndipo timiyala tabodza amagulitsa pamsewu pomwe.

Azakhali anandiuza kuti ndiimirire, anayang'ana msoko wa pathumba, anaona kuti ulusi ndi wina. Wakuda uja ndinali nditaudula m'shopu, ndipo mkazi wa wogulayo anandisokera ndi woyera. Azakhali sanadikire kuti ndifotokoze zimenezi. Anadula ulusiwo ndi mano, anatenga mphete, analowa kukhitchini. Tinamva kukhwekhwereza pa galasi. Ndinali nditayamba kale kuganiza zokawauza bambo ndikatsika basi.

Anabwerera atavala mpheteyo ku chala chaching'ono, poti ku zinazo sinkalowa.

"Wakanda ngati tsiku lija. Mwala ndi womwewu. Amene anandipusitsa si mwanayu."

Anauza mlendoyo kuti malo aja agulitse kwa wina, namuperekeza mpaka pamsewu. Atabwera sananditukwane, komanso sananditonthoze. Anangoloza dengu lomwe linali kuseri kwa chitseko.

"Mawa udzalisenza ndiwe. Ine ndizidzangoitana anthu."

Ndinalisenza miyezi yambiri. Mwini nyumba atadzaona mizere iwiri ya pa zenera ija, azakhali anati yonse anakanda ndi iwo.