Mono wopachika kudenga

Lachiwiri lapitali mayi wina anandigwira dzanja m'minibasi. Musathamange ndi maganizo, nkhani yake si imeneyo.

Tinali titangotsika mapiri pochokera ku Lusaka. Ndinali nditamaliza chakumwa, ndiye ndinakankha zenera kuti ndiponye botolo kunja, monga timachitira tonse. Apo ndi pomwe mayi amene ndinakhala naye pampando anandigwira.

"Batate, osataya iyo. Nipaseniko."

Ndinamupatsa. Analitembenuza, nalidina ndi chala, nalisuzumira pakamwa ngati munthu wosankha nsomba pamsika, kenako analiponya m'thumba momwe munali kale anzake ambiri. Ndinaganiza kuti ndi wogulitsa chakumwa cha munkoyo kapena mafuta ophikira. Nditafunsa anaseka, nati iye amapangira malaiti.

Malaiti? Botolo lapulasitiki?

Ine ndine munthu amene chinthu chikandizunguza sindigwira ntchito bwino. Pofika pa Kafue ndinali nditadziwa kuti mayiyo ndi Amake Luyando, amakhala ku Nangongwe kuseri kwa tchalitchi china chamalata, ndipo Loweruka masana ndinali pakhomo pawo.

Ndinawapeza pakhonde, mpeni wakuthwa m'manja, mlaza utanyikidwa m'beseni. Anatenga botolo, nadula pansi pake, nayamba kulicheka m'litali timizeremizere mpaka pafupi ndi khosi. Atalitambasula, timizere tija tinayima ngati nthiti. Pa nthitizo ndi pomwe amalukapo mlaza, kulowa kutuluka, apa ndi apo kuponyamo ulusi wofiira kapena wobiriwira. Khosi la botolo salikhudza, chifukwa ndimo mumadutsa waya wogwira babu. Chikatha chimakhala ngati chisoti chachikulu.

Anandilowetsa m'chipinda, natseka chitseko ndi katani, nayatsa chimodzi. Khoma lonse linadzaza timadontho ta kuwala ngati nthenga za nkhanga. Ndinaima kukamwa kuli yasa.

Maonekedwe ake ankandikumbutsa kanthu kena, koma sindinkakatulukira. Iwo ndiwo anandithandiza: ndi mono, msampha uja asodzi amatchera nsomba. Amake Luyando anakulira ku Chanyanya, kumtsinje, kwa amalume awo amene ankaluka miono, ndipo akazi awo ankaluka madengu. Ali mtsikana ankadziwa zonse ziwiri. Atapeza ntchito pa makina oluka nsalu ku fakitale kuno kutauni, luso lija analikwirira. Anati zaka zonsezo sanauzepo ngakhale mnzawo mmodzi wa pantchito kuti amatha kuluka dengu, poopa kutchedwa wakumudzi.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Malire anatseguka, salaula, zovala zakaunjika zija, inadzaza misika, nsalu za pafakitale zinasowa wogula, ndipo iwo anali m'gulu la amene anauzidwa kuti akapume kunyumba. Anayesa kugulitsa tomato, koma mzere wonse pamsika unali wa anzawo a kufakitale, aliyense ndi tomato wake.

Tsiku lina mvula itagwa, ngalande ya pakhomo pawo inatsekeka, madzi nalowa mpaka kukhitchini. Potokosa anatulutsa mabotolo okhaokha. Limodzi linali litang'ambika m'litali, ndipo manja awo, akuti, ndiwo anayamba kuzindikira chimene maso ankaona.

Chisoti choyamba sichinayende. Anachiluka chopanikiza, babu linatentha, pulasitiki inayamba kudontha pa tebulo ndi fungo loipa. Amuna awo anakwiya, nati ngati akufuna kutentha nyumba anene poyera. Kwa milungu ingapo ankaluka mobisa amunawo akachoka, mpaka anapeza kuti chisoti chiyenera kukhala chotambalala, babu laling'ono, ndi mpata pamwamba wotulukira kutentha. Lero amuna omwewo ndiwo amalumikiza mawaya.

Tsono pali chinthu chimene chandikhala m'mutu sabata yonse.

Ndinawafunsa kuti amagula ndani. Anati makamaka ndi malo ena ogona alendo m'mbali mwa mtsinje, ndi azungu odutsa opita kumwera. Nanga anansi? Apa anapukusa mutu. Anansi amabwera, amasirira, amagwiragwira. Akangomva kuti mkati muli botolo lotola m'ngalande ndipo analuka ndi iwo omwewa, amabweza dzanja ngati agwira moto.

"Bamakamba ati ni vinyalala," anatero. "Koma nikabanamiza ati vachoka ku Joni, bafunsa mutengo."

Taganizirani. Mlaza ndi womwewo, kuwala ndi komweko. Chasintha n'chiyani pakati pa kusirira ndi kubweza dzanja?

Kale botolo linali lagalasi ndipo linali ndi kwawo. Ukamwa umalibweza kusitolo, ndipo palibe amene ankalitaya. Chibwerereni katundu wakunja, mabotolo awa alibe mwini. Timawalandira ndi manja awiri akadzaza, akatha timawaponya pazenera. Ndiye munthu akawatola n'kuwapatsa ntchito, ife omwe tinawataya ndife oyamba kumunyoza. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma kodi anatiuza kuti titaye malumo athu onse?

Ndimafunsanso kuti ndi angati muno mu Kafue amene anakwirira luso ngati mayiyu. Makolo athu ambiri anachoka kummawa kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Bambo anga ankadziwa kusema mipini ndi kuluka nkhokwe, koma ine sanandiphunzitse, ankati mwana wa sukulu sagwira zimenezo. Lero mafakitale akutsokomola, ndipo manja anga amadziwa cholembera chokha.

Mwina mukuti ine ndiye wabwino pa nkhaniyi. Dikirani.

Ndinagula chisoti chimodzi, ndi kuchipachika pabalaza. Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunabwera mlamu wanga wa ku Lusaka, munthu wa nsapato zowala amene amadziwa masitolo onse atsopano. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nachizungulira, nachiyamikira kwambiri. Kenako anafunsa ngati ndinachigula m'sitolo ina ya katundu wa ku Joni.

Ndinamva pakamwa panga pakuyankha kuti, "Ee, komweko."

Mkazi wanga anali akuthira tiyi. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kuthira.

Mlamu anapita akunena kuti akafufuza chake kumeneko. Sakachipeza. Mayi amene akanamulukira amakhala mtunda woyenda pansi kuchokera kwanga, ndipo amene anamutsekera kasitomala ameneyu ndine, amene ndinali nditamumvera chisoni dzulo lake.

Ndamulembera mlamu kalata yomuuza zoona, ndipo ili m'thumba la jekete, sindinaitumize. Ndikudzifunsabe kuti tsiku lija ndinkachita manyazi ndi chiyani kwenikweni: botolo, ngalande, kapena kuti chinthu chokongola chotere chingachokere ku Nangongwe? Inuyo mukanayankha bwanji?